Funso pa za interferon wa nkhuku, abakha ndi nsomba

Akuluakulu amene munaphunzira za chitetezo cha m'thupi, ndikupempha thandizo lanu. Ndimaphunzitsa bayoloje kuno ku Mchinji, ndipo ndikufuna kufotokozera bwino ana a Fomu 4 nkhani imene amaiona kumudzi kwawo.

Chitopa chikalowa m'mudzi, nkhuku zimagwa m'khola zitapinda makosi, koma abakha a pabwalo lomwelo nthawi zambiri amangoyenda bwinobwino. Abakha ali ndi RIG-I, puloteni imene imazindikira mavairasi n'kuyambitsa kupangidwa kwa interferon (puloteni yotumiza uthenga wochenjeza maselo ena kuti adziteteze ku mavairasi), pomwe nkhuku zinataya kalekale jini (malangizo achibadwa a m'selo) yopangira RIG-I. Interferon anapezeka koyamba mu 1957 ku London, pamene Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ankafufuza pa mazira a nkhuku, ndipo nsomba nazonso zili naye, zomwe zikusonyeza kuti ndi wakale kwambiri.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi ichi: popeza interferon amagwira ntchito pokhapokha atakwanirana ndi receptor yake (puloteni yomulandira) pa selo, kodi ziwirizi zinkasintha bwanji limodzi pamene mitundu ya nyama inkasiyana? Chimodzi chikasintha, chinzake chimatsatira motani uthenga usanaduke? Kodi n'chifukwa chake interferon wa nkhuku sagwira ntchito m'maselo a munthu? Chonde ndifotokozereni m'mawu oti mwana wa sekondale angathe kumva.