Kasinja wanga wa Robocode akungophedwa, ndikulakwitsa pati?

nyerere_404

Moni nonse. Ndayamba Robocode, gemu yolemba khodi ya akasinja (maloboti) omenyana okha, masabata atatu apitawa, Java ndikuidziwa pang'ono chabe, ya m'kalasi ija. Ndalemba kaloboti kanga ndipo pa ma sample aja amabwera ndi gemu yomweyo kakuchita bwino ndithu. SittingDuck sitimuwerengera poti amangokhala phee ngati mwala, koma Crazy, SpinBot ndi Tracker ndikuwaphwasula onse, Walls yekha ndi amene amandivutitsako nthawi zina. Nde dzana ndinadawuniloda maloboti angapo a anthu ena a mu RoboRumble, mpikisano wa pa intaneti wa maloboti amenewa, kuti ndiyese, aise zomwe ndaona ndi zochititsa manyazi. Maraundi 35 sindinawine olo imodzi. Chomwe chandipweteka kwambiri nchoti ina mwa maloboti amenewo ndi NanoBot, khodi yake siyifika ma byte 250, pomwe yanga ili ndi mizere pafupifupi 400.

Kanga kamatere: kakamuona mdani kamaloza mfuti pomwe waimapo nkuwombera fire(3) kuti chipolopolo chipweteke kwambiri, kenako kamapita kutsogolo 100, kubwerera 100, basi choncho. Zipolopolo zanga zimangodutsa pambali, zawo zonse zimandipeza ngati kuti akuwerenga khodi yanga. Kodi maloboti amenewa amaona zipolopolo zikubwera? Pali method ina yomwe ine sindinaipeze? Thandizeni chonde ndisanafufute chilichonse.

mphaka_wausiku

Kkkk musafufute achimwene, tonse tinadutsa momwemo. Choyamba, ayi, palibe loboti imene imaona chipolopolo mu Robocode, radar imaona akasinja okha. Chomwe akuchita anzanuwo ndi kuwerenga energy yanu. Mukawombera energy yanu imatsika ndi mphamvu ya chipolopolocho, pakati pa 0.1 ndi 3, nde mdaniyo mu onScannedRobot (method imene imaitanidwa radar ikaona kasinja) amasunga getEnergy() ya turn yapita nkufananitsa ndi ya pano, akaona yatsika ndi 3 wadziwa kuti mwawombera kumene, ndipo wadziwanso liwiro la chipolopolo chanucho chifukwa lamulo lake ndi 20 kuchotsa 3 kuchulukitsa ndi mphamvu ija. Fire(3) yanuyo ndiye chipolopolo chaulesi kuposa zonse, chimayenda ma pixel 11 pa turn. Tawerengani nokha: mdani ali pa mtunda wa 400, chipolopolo chitenga ma turn 36 kuti chifike, iye amatha kuthamanga 8 pa turn, ndiye kuti pofika chipolopolo munthu ali kutali pafupifupi ma pixel 290, ndipo kasinjayo mulifupi mwake ndi 36 yokha. Mukuwombera pamene anali kale, osati pamene adzakhale. Ma sample mumawamenya chifukwa ena amaima, ena amabwera okha molunjika kwa inu ngati Tracker uja.

Ndipo fire(3) iliyonse yophonya mwataya energy 3 pa 100 yomwe munayamba nayo, mfuti yatenthanso ma turn 16 musanawomberenso. Ikagunda inde imachotsa 16 nkukubwezerani 9, nchifukwa chake imakoma, koma isungeni ya pafupi. Patali wombani 1 kapena 2.

Koma vuto lanu lalikulu si mfuti ayi, ndi kayendedwe. Kutsogolo 100 kumbuyo 100 ndi nyimbo imene ngakhale kaloboti ka ma byte 250 kamaloweza mu raundi yoyamba. Sakuwerenga khodi yanu, mukuwauza nokha ndi miyendo. Yambani ndi izi: sinthani kuchoka pa Robot kupita pa AdvancedRobot kuti muziyenda, kutembenuza mfuti ndi kuzunguliza radar nthawi imodzi, ikani setAdjustGunForRobotTurn(true) ndi setAdjustRadarForGunTurn(true) kuti zitatuzi zisamakokane, radar izikhala pa mdani osachokapo (imatembenuka madigiri 45 pa turn pomwe mfuti ndi 20 yokha), muziyenda chopingasa osati molunjika kwa iye, ndipo mtunda woyenda uzisinthasintha mwachisawawa. Mukatero muona kusintha lero lomwe.

mkulu_wa_redcode

Mwana wanga, zoti kakhodi kakang'ono kakugwetsa chimphona cha mizere 400 zisakudabwitse, masewera amenewa akhala choncho kuyambira kale. Ine Robocode ndinaisewerako pang'ono koma mtima wanga uli ku Core War, nde mundilole ndipatuke pang'ono, mfundo yake ibwerera kwa iwe.

Core War anailengeza A. K. Dewdney mu Scientific American mu 1984, anapanga limodzi ndi D. G. Jones. Kulibe akasinja kumeneko, kulibe zithunzi zokongola. Mapulogalamu awiri amaikidwa mu memory imodzi yozungulira ngati mkombero, nthawi zambiri ya malo 8000, amasinthana kuchita instruction imodzi imodzi, ndipo amene wakakamizidwa kuchita DAT, instruction yopha woichita, wafa. Chiyankhulo chake ndi Redcode, mtundu wa assembly. Pulogalamu yaing'ono kwambiri yotchuka ndi Imp, mzere umodzi wokha:

MOV 0, 1

Imadzikopera pa malo otsatira nkupita pomwepo nkudzikoperanso, kumangokwawa choncho memory yonse. Ina ndi Dwarf, mizere inayi, imakhala pamalo amodzi nkumaponya mabomba a DAT pa malo achinayi aliwonse, ndipo poti 8000 imagawika ndi 4 bomba silimagwera pa mizere yake yogwira ntchito. Chosangalatsa nchoti Imp ikadutsa pa Dwarf siyimupha, imangolemba MOV 0, 1 pamwamba pa khodi yake, Dwarf nayenso nkusanduka Imp, awiriwo nkumathamangitsana mpaka ma cycle 80000 atatha, draw. Tsiku loyamba kuziona zimenezi pa sikirini ndinaseka ndekha usiku ngati wamisala.

Tsono chomwe ndikufuna umve ndi ichi. Ku Core War pulogalamu yaitali ndi chandamale chachikulu, mzere uliwonse umene wawonjezera ndi malo enanso pomwe bomba lingagwere, ndiponso umachedwetsa loop yako. Ndipo palibe njira imodzi yowina onse. Anthu amazigawa patatu: stone ndi woponya mabomba, paper ndi wodzichulukitsa ndi SPL, instruction yogawa pulogalamu kuti iziyenda pawiri, kuti ukapha mmodzi ena khumi akadali moyo, scissors ndi scanner wofufuza kaye pomwe mdani ali. Paper imagonjetsa stone, stone imagonjetsa scissors poti scanner amataya nthawi kufufuza kanthu kakang'ono, scissors imagonjetsa paper. Nde ukatumiza pulogalamu yako ku hill, phiri la mpikisano komwe watsopano amamenyana ndi onse amene alipo ndipo wotsika kwambiri amagwetsedwa, funso silikhala loti "pulogalamu yanga ndi yamphamvu?" koma "pa phiripa pano pachuluka ndani?" Iweyo wakonza kasinja wopha ma sample, ndipo pa ntchito imeneyo ndi katswiri. Kungoti phiri lasintha.

Zisanabwere zonsezi kunali Darwin ku Bell Labs mu 1961, ya Victor Vyssotsky, Douglas McIlroy ndi Robert Morris pa IBM 7090. Inatha patangopita masabata ochepa chifukwa Morris analemba pulogalamu imene wina aliyense analephera kuigonjetsa, anthu nkungosiya. Gemu ikapezeka ndi yankho limodzi imafa. Core War ikadalipo chifukwa cha katatu kaja.

kachidutswa

Ankolo mwayambanso za 1984 kkkk munthu wafunsa za Java inu mukumupatsa assembly. Koma ya Imp ndi Dwarf ija ndaikonda.

Ine maganizo anga osiyana pang'ono. Ngati cholinga ndi kuphunzira, RoboRumble ndi malo ouma mtima kwa woyamba, mukumenyana ndi maloboti amene anthu akhala akuwanola kwa zaka zambirimbiri, Robocode yomweyo ndi ya 2001, Mathew Nelson anaitulutsa ali ku IBM. Apamwamba onse kumeneko amachita wave surfing, amajambula m'maganizo bwalo lomakula kuchokera pomwe munawombera, amasunga mbali zimene munawagundapo kale nkumathawira komwe simuwombera kawirikawiri, mfuti zawonso zimasunga chiwerengero cha komwe mumakonda kuthawira. Munthu wa masabata atatu sungalimbe. Bwanji osayesa CodinGame, webusaiti ya mipikisano ya ma bot, kumene amakuika mu league ya Wood kaye ndi anzako ofanana nawe, ukamenya boss ukwera Bronze, Silver, Gold mpaka Legend, malamulo amawonjezeka pang'onopang'ono, ndipo ulemba mu chiyankhulo chomwe ukufuna kaya Python kaya C++ kaya Java yomweyo. Kapena ngati mumakonda JavaScript kuli gemu ya Screeps, koma imeneyo ndikuchenjezeni, khodi yanu imayenda usana ndi usiku ngakhale mwagona, ine ndinadzukapo m'mawa nkupeza tima creep tanga tonse, tiantchito tomwe khodi imayendetsa, taunjikana pakhomo limodzi tikutsekerezana njira, spawn yomwe imatipanga ili yopanda energy, chifukwa cha if imodzi yomwe ndinaitembenuza.

mphaka_wausiku

@kachidutswa asisi apa sindikugwirizana nanu kwenikweni. CodinGame ndi yabwino inde koma kuthawa sikuthetsa vuto la achimwenewa, akakafika Silver akakumana nazo zomwezi, bot yawo ikawina boss nkumaluza kwa anthu. Ndipo safunika wave surfing kuti asiye kuluza 35 kwa 0. Pali kanjira kotchipa kotchedwa stop and go, ukaona energy ya mdani yatsika umasuntha pang'ono nkuima, ikatsikanso usunthenso. Mfuti yoloza pomwe uli imaphonya poti wachokapo, mfuti yoganiza kuti upitiriza ndi liwiro lomwelo imaphonyanso poti unali chiimire pomwe amawombera. Mizere yosakwana 20. Maloboti anzeru aja adzakugwirabe koma ang'onoang'ono ambiri amasokonezeka nako.

Chinanso chomwe palibe wanena: kayesedwe. Osasintha zinthu zisanu nthawi imodzi nkuyesa maraundi 10 nkunena kuti zayenda. Malo oyambira amasintha raundi iliyonse nde mwayi umalowerera kwambiri. Sinthani chinthu chimodzi, kwezani liwiro la gemu mpaka pamapeto, thamangitsani maraundi mazana angapo pa adani osiyanasiyana, lembani ma score penapake, ndipo musunge version yakale kuti yatsopano izimenyana nayo. Ine ndinataya sabata yathunthu pa mfuti ina yomwe ndinkaiona ngati yanzeru zedi, nditaiyesa bwinobwino inali yoipa kuposa yakale, kungoti tsiku loyamba inawina maraundi 7 pa 10 ine nkukhulupirira.

mkulu_wa_redcode

Za kayesedwezo ndi zoona zedi. Ndipo mwana wanga kachidutswa, assembly usaiderere, ukalemba Redcode mwezi umodzi umayamba kuwerengera mtengo wa mzere uliwonse, luso lomwelo ndi limene limafunika ku Battlecode, mpikisano wa maloboti wa MIT, komwe loboti iliyonse ili ndi malire a bytecode pa turn, ukapyola imaima pakati pa ganizo nkudikira turn yotsatira adani akukuwomba.

Pa nkhani ya khodi yaifupi ndikumbutseko mpikisano wa Robert Axelrod wa 1980 wa prisoner's dilemma, masewera amene awiri amasankha kugwirizana kapena kunyengana, anthu anatumiza mapulogalamu 14, ena ovuta kwambiri ofuna kunyenga anzawo, koma inawina ndi Tit for Tat ya Anatol Rapoport, yaifupi kuposa onse: yamba ndi kugwirizana, kenako bwezera zomwe mnzako wachita ulendo wapita. Anabwerezanso mpikisano anthu akudziwa kale kuti inawina ndi iti, mapulogalamu oposa 60, inawinanso yomweyo. Komatu chonde musamve ngati ndikuti kufupika ndiko kumawinitsa, maloboti apamwamba a Robocode ndi aakulu ndithu. Ndikuti mizere 400 imene sikuyang'ana zomwe mdani akuchita ndi katundu chabe.

nyerere_404

Zikomo kwambiri nonse, ndabwera ndi lipoti. Ndasintha kupita pa AdvancedRobot, radar tsopano ikumata pa mdani (inandivuta poyamba, imangozungulira ngati yaledzera chifukwa ndinaiwala kukonza ma angle kuti akhale pakati pa -180 ndi 180, Utils.normalRelativeAngleDegrees yandipulumutsa), ndaika stop and go ija, ndipo fire(3) ndikuwombera pokhapokha mdani ali pafupi kuposa 150. Ndafufuta mizere pafupifupi 200 yomwe inali yongosankha mitundu ya kasinja ndi kuvina akawina, inde ankolo ndavomera kkkk. NanoBot uja tsopano tikugawana, pa maraundi 300 ndatenga ochepera theka pang'ono, enawo akundimenyabe koma osati ngati dzana.

Vuto latsopano nali: mdani akagunda khoma energy yake imatsikanso nde kanga kamaganiza kuti wawombera nkudumpha pachabe, kenako chipolopolo chenicheni chikubwera iko kataima. Chimodzimodzi ndikamugunda ine. Mumasiyanitsa bwanji?

mphaka_wausiku

Ya inuyo ndi yosavuta, mu onBulletHit muli getEnergy() ya mdani mutamugunda, ingosinthani nambala yomwe munasunga ija pomwepo. Musaiwalenso kuti iye akakugundani energy yake imakwera katatu mphamvu ya chipolopolo chake, nde mu onHitByBullet muwonjezere imeneyo apo ayi kuwombera kwake kotsatira kubisala mmenemo. Ya khoma ndi yovutirapo poti gemu siyikuuzani, muziona nokha: ngati velocity yake inali yaikulu turn yapita, pano yangoti zii pa 0, ndipo ali m'mphepete mwa bwalo, ndi khoma limenelo. Kasinja sangaime yekha kuchoka pa 8 kufika 0 mu turn imodzi, mabuleki ake amachotsa 2 yokha pa turn.

Mukamaliza ikani khodi ya onScannedRobot yonse pano tiione, ndikukayikira kuti muli getX() pamalo pofunika getY() penapake, Walls sakanakuvutitsani choncho.