Andivomera ku msonkhano wa aphunzitsi a zilankhulo koma mtima sukukhazikika, ndilipire?

Membala wobisa dzina

Muli bwanji nonse pa gulu pano. A admin chonde mundibisire dzina chifukwa ena a kuntchito kwathu ali momwe muno.

Ndine mphunzitsi wa chilankhulo, chaka chino ndi cha 9 ndili m'kalasi. Chaka chatha ndinachita kakafukufuku kanga pofuna kuona ngati ana amalemba bwino chimangirizo akayamba akambirana mutuwo m'chilankhulo chawo asanalembe m'Chingerezi. Ndinagwiritsa ntchito makalasi awiri, teremu imodzi yathunthu, ndipo zomwe ndinapeza zinandisangalatsa moti ndinkafuna aphunzitsi ena azimve. Ndiye ndinaona uthenga wa msonkhano wa zophunzitsa zilankhulo, ndinatumiza abstract (chidule cha kafukufuku wangayo) Lachiwiri usiku. Lachitatu m'mawa imelo yafika kale kuti andivomera, ati ntchito yanga ndi yapamwamba. Koma akuti ndilipire ndalama yolembetsera pasanathe masiku 5, apo ayi malo anga apatsa wina.

Chikundipweteka kwambiri ndi mkulu wa dipatimenti yathu. Iwowo apita ku misonkhano katatu konse, pobwera sanatiitanepo n'komwe kuti atiuze zomwe anamva. Nditawaonetsa imelo anangoti mukufuna kuuluka mapiko asanamere, kenaka n'kupitiriza kuchonga makope. Komanso pali mnzanga amene anandithandiza kuchonga zolemba za ana masabata awiri okha, lero akuti dzina lake likhale loyamba papepala chifukwa ali ndi digiri yachiwiri. Laputopu yanganso batire linafa, imayaka pokhapokha ili pa magetsi. Bambo a kunyumba akuti ndi ndalama yongotaya, pomwe iwo akafuna zawo sindiwaletsa. Ndalamayo ndichita kukongola. Ndiponso sindinayankhulepo pamaso pa mapulofesa, ndikangoganiza mawu amanjenjemera.

Ndithandizeni abale, ndilipire kapena ndisiye? Usiku wa dzulo sindinagone.

Nangozo

Achemwali, msonkhano wake ndi uti ndipo akukonza ndi ndani? Mwatiuza za batire koma apa simunatchule.

Mbewe Wamkulu

Mwana wanga, funso lenileni simunalifunse. Pepala lanulo likunena kuti ana amaganiza bwino m'chilankhulo chawo. Nanga inuyo mukalipereka m'chilankhulo chanji? Chingerezi! Vuto la misonkhano yonseyi ndi limeneli. Ine ndaphunzitsa zaka 34 ndipo ndakhalapo m'misonkhano yambiri. Anthu amasonkhana kukambirana za zilankhulo za mu Africa, kuyambira pemphero lotsegulira mpaka kutseka palibe liwu limodzi la chilankhulo cha mu Africa. Mu Januwale 2000 olemba ndi akatswiri anakumana ku Asmara, m'dziko la Eritrea, n'kugwirizana kuti zilankhulo za mu Africa ziziyankhulira Africa, ndiponso kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wophunzira m'chilankhulo cha makolo ake. UNESCO inanena kale zofananazo mu 1953. Tikadali kukambirana zomwezo m'mahotela, m'chilankhulo cha eni.

Tadala M.

Kkkkk a Mbewe ayamba. Mayiwa afunsa za kulipira, inu mwawafikitsa ku Eritrea.

Mbewe Wamkulu

Tadala, ukakula udzamvetsa. Nkhani za akuluakulu usamaziseke.

Dokotala Wa Mawa

Anti, ine chandiimitsa mutu ndi Lachiwiri ndi Lachitatu lanulo. Msonkhano weniweni ukalandira abstract amaichotsa dzina, n'kuipereka kwa anthu awiri kapena atatu odziwa nkhaniyo kuti aiwerenge. Komanso amadikira tsiku lotsekera lifike kaye kuti aone zonse pamodzi. Zimenezi zimatenga masabata angapo, kawirikawiri miyezi. Tengani TESOL, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi lomwe linayamba mu 1966 ku America: msonkhano wawo umakhala cha mu Malichi, koma zofuna kukapereka zimatumizidwa cha pakati pa chaka chapitacho. IATEFL ya ku Britain, ya aphunzitsi a Chingerezinso, yomwe inayamba mu 1967, nayo imatseka kulandira miyezi yambiri msonkhano usanafike. Ndiye amene anawerenga yanuyo usiku umodzi ndi ndani? Anagona nthawi yanji?

Naphiri

Zimenezi zinandichitikira ine, mpaka lero ndikakumbukira mtima umawawa. Imelo yake inayamba ndi kunditamanda, ati ndine katswiri wodziwika, chonsecho ndinali ndisanasindikizepo kanthu. Ndinalipira, ndinagula tikiti, ndinayenda ulendo wautali. Kufika pa hotela anandilozera kachipinda kamodzi. Tinalimo anthu osakwana 15. Woyamba anayankhula za simenti ya milatho, wachiwiri za matenda a nkhuku, ine wachitatu za kuphunzitsa kuwerenga. Palibe anandifunsa funso, angafunse chiyani munthu wa milatho? Mkulu amene anamulemba kuti adzatsegulira msonkhano sanabwere. Nditamulembera pambuyo pake anandiyankha kuti sakudziwa n'komwe kuti dzina lake analiika pamenepo. Masana zonse zinali zitatha, anatipatsa masatifiketi n'kutitsanzika. Ngongole ndinabweza chaka chathunthu. Chikomekome cha mkuyu, achemwali.

Chimwemwe K.

Pepani a Naphiri. Koma satifiketiyo inakuthandizani pokwezedwa pantchito?

Naphiri

Anaikana. Anafunsa kuti bungwe lokonza ndi liti, ndinasowa choyankha.

Mbewe Wamkulu

Mwaona? Ndi zomwe ndikunena. Mukuthamangira masatifiketi a kunja. Ngakhale misonkhano yeniyeniyo, taonani WOCAL, msonkhano wa dziko lonse wa akatswiri a zilankhulo za mu Africa. Unachitikira ku Leipzig ndi ku Cologne ku Germany, mpaka ku Kyoto ku Japan! Zilankhulo zathu, koma mwini chilankhulo akafune viza kuti akamve zomwe akunena za iye. ACAL, msonkhano wina wa pachaka wa zilankhulo za mu Africa, nayo inabadwira ku Illinois mu 1970 ndipo kawirikawiri imazungulira m'mayunivesite a komweko ku America. Mphunzitsi wa m'kalasi angafikeko bwanji?

Dokotala Wa Mawa

Bambo Mbewe, ndi ulemu wonse, mwasankha theka lokha. WOCAL yoyamba inachitikira ku Swaziland mu 1994. Inabweranso ku Lomé ku Togo mu 2000, Addis Ababa mu 2006, Buea ku Cameroon mu 2012, Rabat ku Morocco mu 2018. Amachita mosinthana, ulendo uno mu Africa ulendo winawo kunja. Za ACAL mwanena zoona. Koma zonsezi sizikuwathandiza mayiwa, iwo atsala ndi masiku owerengeka.

Mbewe Wamkulu

Ndipo ku Lomé anayankhula chilankhulo chanji? Ndiyankhe pamenepo mnyamata iwe. Kuloweza zaka si nzeru.

Dokotala Wa Mawa

Munthu wa ku Ethiopia, wa ku Senegal ndi wa ku Zambia akakhala chipinda chimodzi mukufuna amvane bwanji bambo? Omasulira amafuna kulipidwa.

Mbewe Wamkulu

Ndalama ya hotela imapezeka, ya womasulira ndiyo imasowa? Musandiseketse. Ife kale tinkakumana aphunzitsi okhaokha m'kalasi Loweruka, wina aphunzitse phunziro ife tikuonerera, kenaka tikambirane pomwe walakwitsa. Popanda baji ya pakhosi, popanda chikwama cholembedwa dzina la msonkhano. Ndinaphunzira zambiri kumeneko kuposa m'maholo onse omwe ndakhalamo.

Mayi Aphunzitsi 2

Ine ndikufuna ndilankhule za mnzanuyo. Kuchonga zolemba masabata awiri sikumpatsa munthu dzina loyamba. Amene anaganiza funso la kafukufuku, kukonza njira yake ndi kulemba, ndiye amatsogola. Wothandiza pang'ono amathokozedwa kumapeto. Digiri yachiwiri ndi yake, kafukufuku ndi wanu. Ine wina anandichita zomwezo, ndinamulola chifukwa cha manyazi, lero akamayankhula amati kafukufuku wanga uja, ine ndili pomwepo. Musamupatse mpata. Ndipo abambo a kunyumbawo muwauze kuti nanunso muli ndi maloto.

Tadala M.

Anti mukapita musaiwale kunyamula chingwe cha laputopu, mukakhale pafupi ndi soketi kkkk

Mphatso

Nthabwala pambali, Tadala wanena zenizeni. Ine projekita inakana kulumikizana ndi kompyuta yanga, mphindi 7 zinathera kulimbana ndi zingwe, wotsogolera anandionetsa kapepala koti zatsala 5 ndili pa slide yachitatu. Nthawi zambiri amakupatsani mphindi 20 zoyankhula ndi 10 za mafunso, basi. Ikani ma slide pa flash, dzitumizireni pa imelo, sindikizaninso papepala. Yesererani kunyumba ndi wotchi. Mukaopa kuyankhula pagulu pemphani posita, mumaima pambali pa ntchito yanu anthu n'kumabwera mmodzimmodzi, mumacheza ngati mu staff room.

Nangozo

Anthuni mukuwaphunzitsa ma slide munthu amene sitikudziwa ngati msonkhano wake ulipo. Ndafunsa kale pamwambapa, msonkhano wake ndi uti?

Chisale J.

Ine chondidabwitsa n'chakuti mphunzitsi wa chilankhulo angatumize ntchito yake kwa anthu osawadziwa. Timaphunzitsa ana kuwerenga mozindikira, ife tomwe imelo yotitamanda yatigwetsa. Komanso kukongola ndalama chifukwa cha msonkhano ndi kusaganiza bwino. Nanga makolo a anawo munawapempha chilolezo choti zolemba za ana awo mukazionetse kwa alendo? Akulu a sukulu akudziwa?

Mayi Aphunzitsi 2

A Chisale munthu wabwera ndi nkhawa, inu mukumuthira tsabola pachilonda. Simunalakwitsepo inu?

Chisale J.

Wakutsina khutu ndi mnansi mayi. Za chilolezozo ku msonkhano weniweni akamufunsa ndithu. Achotse mayina a ana pa zitsanzo zonse, ndi dzina la sukulu lomwe ngati sanaloledwe.

Membala wobisa dzina

Zikomo nonse. A Chisale, mayina a ana ndinachotsa kale, ndinaika manambala. Akulu a sukulu akudziwa, ndi a dipatimenti okhawo amene akundiipira mtima, moti lero m'mawa andidutsa osandipatsa moni. Mnzanga uja wanditumizira uthenga kuti ngati dzina lake silitsogola ndimubwezere nthawi yake. Ndimubwezera bwanji nthawi? Okonza msonkhano anditumiziranso imelo ina, akuti ndikalipira lero andichotserako ndipo pepala langa alisindikiza mu jenala (magazini ya kafukufuku) yawo pakatha sabata ziwiri.

Dokotala Wa Mawa

Anti musalipire lero. Jenala yosindikiza m'sabata ziwiri ndi chizindikiro china. Ndipo pepala likatuluka m'malo otero, jenala yeniyeni sidzalilandiranso chifukwa lidzakhala losindikizidwa kale, ntchito yanu ya teremu yonse n'kuthera pomwepo. Tsegulani tsamba lawo muone ngati tsiku lomwelo, hotela yomweyo, akuchititsanso misonkhano ya zaumoyo, zaulimi ndi zamakina. Onani mayina a komiti, musankhe mmodzi, mupeze imelo yake pa tsamba la yunivesite yake, osati yomwe okonzawo alemba, mumufunse ngati akuudziwa msonkhanowu. Fufuzani pulogalamu ya chaka chatha, muone ngati anthu anaperekadi mapepala a zilankhulo. Palinso tsamba lotchedwa Think Check Attend, lili ndi mafunso oti munthu adzifunse asanalipire.

Mbewe Wamkulu

Think Check Attend, m'Chingerezinso! Ngakhale chenjezo la akuba likubwera m'chilankhulo cha eni. Mwana wanga, mverani ine. Itanani aphunzitsi anzanu a sukulu zoyandikana, muwafotokozere zomwe munapeza m'chilankhulo chomwe anawo anakambirana. Amenewo ndiwo adzazigwiritse ntchito Lolemba m'mawa. Pulofesa akaomba m'manja, madzulo waiwala.

Chimwemwe K.

Apa pokha a Mbewe ndagwirizana nanu pang'ono. Koma zonse ziwiri n'zotheka. Mabungwe enieni ngati IATEFL amakhala ndi ma scholarship a aphunzitsi ofuna kupita ku msonkhano wawo, ena ndi a anthu okayankhula koyamba. Umalembera chaka chisanafike, mpikisano ndi waukulu, ine ndinayesa kawiri osapeza. Palinso Africa ELTA ya aphunzitsi a Chingerezi mu Africa muno, ndi ALASA ya zilankhulo za kummwera kwa Africa. Misonkhano ina masiku ano amalola kupereka pepala pa intaneti, osafunikanso ndalama ya ulendo ndi malo ogona.

Mbewe Wamkulu

Pang'ono? Ugwirizane nane kwathunthu. Kawiri konse anakukana, sukuona?

Chimwemwe K.

Anandikana chifukwa ndinalemba mothamanga usiku womaliza bambo. Chaka chino ndiyesanso.

Naphiri

Achemwali ndikupemphani, onani kumunsi kwa imeloyo. Pali dzina la munthu weniweni ndi yunivesite yake, kapena pangolembedwa kuti komiti yokonza? Yanga ija inalibe dzina la munthu ngakhale mmodzi, ndipo ndalama anati nditumize ku akaunti ya kampani yomwe dzina lake silinkafanana ndi la msonkhano. Ndinaona, koma chimwemwe chinanditseka maso.

Tadala M.

A Mbewe tikonzereni msonkhano wanu wa Loweruka uja, ine ndibwera ndi choko.

Mbewe Wamkulu

Ubwere ndi kope, uli ndi zambiri zoti ulembe.

Membala wobisa dzina

A Naphiri ndaona, pangolembedwa kuti sekeletale wa msonkhano, dzina palibe. Koma chithunzi cha holo yake n'chokongola kwambiri ndipo alemba kuti kudzakhala anthu ochokera m'mayiko ambiri. Ndawauza bambo a kunyumba zomwe mwanenazi, m'malo mondimvera chisoni akungoti ndinakuuza. Nanga ngati uli weniweni, ine n'kutaya mwayi, a dipatimenti aja sadzandiseka?

Nangozo

Achemwali, kachitatu tsopano. Dzina la msonkhano ndi bungwe lokonza. Ngati mukuopa kulemba pagulu nditumizireni ku inbox, ndikufufuzirani usiku uno musanatumize ndalama.