Chimfine chinatha koma chakudya sichikukomabe, vuto ndi lilime kodi?

Mayi wa ku Chibavi:
Abale ndithandizeni nzeru. Ndimaphika mpunga ndi nsima zogulitsa kufupi ndi depoti. Mu Julaye, kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kutafika pachimake, ndinadwala chimfine pafupifupi masabata awiri. Mamina anasiya, mphuno zinatseguka, koma fungo silinabwerere. Mpunga wa Kilombero uja, woti ukamapsa anthu amaumva ali kumsewu, ine ndikavundukula poto ndimangoona nthunzi basi. Mkamwa ukungokhala ngati gaga. Chikundiwawa kwambiri n'choti ndayamba kuchulutsa mchere poganiza kuti ndiwo zazizira, mpaka kasitomala wanga wa tsiku ndi tsiku anasiya nsomba ya batala m'mbale. Chodabwitsa, shuga mu tiyi ndikumumva, kambuzi akundiwotchabe. Nanga chawonongeka n'chiyani?

Mphunzitsi wa ku Luwinga:
Pepani mayi. Lilime lanu lili bwino, umboni wake ndi shugayo. Lilime limazindikira zinthu zisanu zokha: kutsekemera, mchere, kuwawasa, kuwawa ngati kwa mankhwala, ndi kukoma kwa msuzi wa nyama kumene a ku Japan anakutcha umami. Zotsalazo ndi ntchito ya mphuno. Mukamatafuna, fungo la chakudya limakwera kudzera kummero n'kulowa m'mphuno chakumbuyo, ndipo kumtunda kwake kuli timinyewa ta mitundu pafupifupi 400 tomva fungo. Ubongo umaphatikiza ziwirizi, ife n'kumayesa kuti zonse zachitikira mkamwa. Amene anafufuza timinyewa timeneti, Linda Buck ndi Richard Axel, analandira mphoto ya Nobel mu 2004.

Kilombero amasiyana ndi mpunga wina makamaka pa fungo, n'chifukwa chake kwa inu wasanduka mpunga wamba. Tsabola ndi nkhani ina: samveka ngati fungo, amadzutsa mitsempha yomva kutentha. Ana anga m'kalasi ndimawatsinitsa mphuno n'kuwapatsa gwafa atatsinzina. Amangoti n'chotsekemera, koma akangosiya mphuno amakuwa dzina lake.

Mnyamata wa ku Zolozolo:
Zoona zimenezo aphunzitsi. Ine nditangobwera kuchokera ku Dedza, kondowole ankandikanika chifukwa cha fungo. Ndinamudya bwinobwino koyamba ndili ndi chimfine, kwa anzanga ku Nkhata Bay. Pano ndinazolowera, ndipo wopanda fungo lija sindimufuna.

Anganga a ku Katoto:
Mwanawe, zinandionekera mu 2021 nditadwala Covid. Miyezi itatu khofi wa kuno ndinkamumwa ngati madzi owawa. Mdzukulu wanga anandiphunzitsa kununkhiza zinthu zinayi m'mawa ndi madzulo, chilichonse pang'onopang'ono ndikukumbukira mmene chinkamvekera. Ine ndinkatenga khungu la ndimu, khofi, jinja ndi masamba a bulugama. Fungo limene linayamba kubwerera ndi la ndimu, ndinalira tsiku limenelo.

Koma chenjera ndi ziwiri izi. Ndiwo zikasasa suzimva, ndiye wina azikununkhizira usanagawire anthu. Komanso chinthu chikamapserera pambaula sudziwa, usamachoke pamoto. Ukaona mwezi wadutsa osasintha, kapena mphuno imodzi yokha ndiyo yatseka, pita kuchipatala akakuone.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Mchere ndayamba kuyeza ndi supuni monga kale, ndipo mng'ono wanga ndiye akulawa. Anganga, ndimu ndagula kale mumsika. Khungu lake lizikhala laliwisi kapena louma?