Vidiyo ya chinkhoswe ikuchedwa kulowa pa DVD

Chemwali a ku Rosettenville: Abale thandizeni, ndikufuna kubena vidiyo ya chinkhoswe pa DVD nditumize kwa amayi ku Ntcheu pa basi ya Loweruka, koma laputopu yanga ya Core 2 Duo ija chiyambire mmawa ili pa 40% basi, yafa kapena?

Ankolo a ku Mayfair: Sinafe mwana wanga, musaizimitse. Panopa siikubena ayi, ikusintha kaye vidiyoyo. Foni imajambula MP4 pomwe DVD imafuna MPEG-2, ndiye kompyuta imatenga chithunzi chimodzichimodzi nkuchichepetsa chifike 720x576, zithunzi 25 pa sekondi iliyonse, ndiye tawerengani maola awiri a chinkhoswe ndi zithunzi zingati zimenezo. Kubena kwenikweniko sikuchedwa, pa liwiro la 8x ndi mphindi ngati 10.

Chemwali a ku Rosettenville: Iii ankolo ndiye itha liti?

Ankolo a ku Mayfair: Zitengera mmene munajambulira. Ngati ndi 1080p makina akale ngati amenewo ola limodzi la vidiyo likhoza kudya maola awiri kapena kuposa, ikakhala 4K kapena HEVC ya ma iPhone ija ndiye iyambitseni madzulo mukagone. Muonenso ngati simunasankhe 2-pass, imeneyo imadutsa vidiyo yonse kawiri.

Mnyamata wa ku Yeoville: Komanso ma laputopu akalewa akatentha amadzichepetsa okha liwiro, musaike pa bedi kapena pabulangete, ikwezeni fani ipume, chaja ikhale momwemo ndipo muzimitse sleep. Muonenso ngati magetsi angazime kwanuko chifukwa batire la makina amenewo ndikukaika ngati likusungabe moto kkkk

Ankolo a ku Mayfair: Eya, ndipo muiuze isunge kaye ISO (fayilo imodzi yokhala ndi zonse za pa chimbale) pa hard drive, chimbale chikalakwika mungobenanso ndi pulogalamu ya ImgBurn osayambiranso kusintha. Pa mtundu wa TV musankhe PAL osati NTSC, kwathu ndi kuno Joni tonse ndi PAL. Chimbale wamba ndi 4.7GB, maola awiri amakwana bwino, mukapanikiza anayi nkhope za ankhoswe sizidzadziwika.

Mayi a mapasa: Koma ine mukundidabwitsa, bwanji osangoika pa flash? Ma DVD pleya ambiri ali ndi polowetsa USB masiku ano

Mnyamata wa ku Yeoville: Zoona mayi koma akalewo ambiri amawerenga AVI osati MP4 ya foni, ndiye kusintha kulipobe, komanso flash ya FAT32 siilandira fayilo yoposa 4GB.

Mayi a mapasa: Nanga flash ikafika kumudzi adzukulu sachedwa kufufuta nkuikamo nyimbo, apo ndiye chimbale chapambana

Chemwali a ku Rosettenville: Yafika 55% tsopano, ndaika pa njerwa ziwiri. Ndibene zingati?

Ankolo a ku Mayfair: Ziwiri, pa 4x kapena 8x osathamangitsa, muyese kaye pa pleya weniweni musanapite ku Park Station, ndipo muike mu kabokosi kolimba, katundu amapanikizana kwambiri njira ya Beitbridge ija.