Mwana wanga wa Down syndrome ali ndi mantha kwambiri, kodi ndi autism?

Membala wobisa dzina: A Admin, chonde ndibiseni dzina. Mwana wanga wamwamuna anabadwa ndi Down syndrome, ndipo mantha ake masiku ano akundisowetsa mtendere. Tikafika kuchigayo amatseka makutu n'kulira mpaka titachokapo, mlendo akalowa m'nyumba amabisa nkhope pachifuwa panga, ndipo ndikamuitana nthawi zambiri satembenuka. Amatha nthawi yaitali akuzungulitsa chivundikiro cha poto pansi, osafuna kuti wina amusokoneze. Apongozi anga akuti zimenezi zinachokera kwathu chifukwa kumtundu kwawo kulibe zoterezi, komatu iwo omwewo sanabweze ndalama za feteleza zimene anandibwereka chaka chatha. Bambo ake ali ku Johannesburg, ndipo akaimba foni amangofunsa za njerwa za nyumba. Kodi ndi mantha wamba kapena ndi autism, vuto lija limene limachititsa mwana kuvutika kulankhulana ndi kucheza ndi anthu?

Bambo wa ku Chilomoni: Vuto la amayi a masiku ano ndi kulera ana mowasasatitsa. Ife tinakula tikutumidwa kukatseka khola usiku, ndipo palibe amene ankatchula autism. Muzipita naye kuchigayoko tsiku lililonse, pakutha mwezi adzakhala atazolowera.

Namwino wopuma pantchito: Mayi, simunatiuze zaka za mwanayo, chikhalirecho yankho lagona pamenepo. Kuopa alendo kumayamba mwana ali ndi miyezi pafupifupi 8 ndipo kumachepa akamayandikira zaka 2, choncho zimene sizodabwitsa kwa khanda zikhoza kukhala zofunika kuzifufuza kwa mwana wa zaka 4. Komanso ana ambiri a Down syndrome samva bwino chifukwa cha madzi amene amadzaza mkati mwa khutu, motero muyambe mwakamupimitsa makutu ku Queen Elizabeth ngati muli ku Blantyre. Autism imapezekadi kawirikawiri mwa ana amenewa kuposa mwa ana ena. Kodi amaloza chinthu ndi chala kuti nanunso muchione?

Mayi wa ku Area 25: Nkhani ya apongoziyo yandikumbutsa zanga. Anga anandikakamiza kupita kwa sing'anga, tinagulitsa mbuzi ziwiri, mwana anatemedwa mphini pamsana, koma palibe chimene chinasintha. Mpaka lero sitilonjerana.

Bambo wa ku Chilomoni: A namwino, inu mumafuna kuti chilichonse chikhale matenda. Ndipo mutifotokozere chifukwa chake mavutowa achuluka chiyambireni kubaya ana akatemera ambirimbiri kusikelo.

Mphunzitsi wa ku Zomba: Bambo, musasocheretse anthu. Kafukufuku wa mu 1998 amene ankagwirizanitsa katemera ndi autism anapezeka kuti anali wachinyengo, ndipo magazini ya zachipatala ya The Lancet, imene inamusindikiza, inamuchotsa mu 2010. Down syndrome imabwera chifukwa mwana amakhala ndi kromozomu (kanthu ka m'maselo a thupi kosunga chibadwa cha munthu) ya nambala 21 yowonjezera kuyambira pamene mimba yangokhala, ndipo si mlandu wa banja la mkazi.

Mnyamata wa kabaza: Ine ndili ndi zaka 40 koma ndikaona apongozi ndimabisalabe, kodi nanenso ndikapimitse?

Mayi wa ku Mzuzu: Achimwene, iyi si nkhani yoseka. Mayi, chonde musamukakamize kuchigayo. Wanga ndinkamuuziratu kuti kukubwera alendo, ndipo alendowo ndinkawapempha kuti akhale pataliko, asamunyamule mpaka iye mwini atawayandikira. Ngati muli kumpoto, kafunseni ku chipatala cha St John of God kuno ku Mzuzu, ndipo mutenge buku lake lakuchipatala.

Bambo wa ku Chilomoni: Ndiye kuti mwana wa zaka ziwiri azilamula alendo pokhala? Ine ndalera ana asanu ndi mmodzi, aphunzitsi, ndipo sindinafunsepo magazini ya azungu.

Namwino wopuma pantchito: Bambo, zaka ziwirizo mwazitenga kuti, popeza mayiwa sanatiuzebe?