Njinga yanditalikira, mapazi sakufika pansi: ndisinthe chiyani ndisanaigulitse?

Membala wobisa dzina:
A Admin ndibiseni dzina chonde, anzanga akuntchito ali m'gulu momuno ndipo andiseka kale mokwanira.

Ndine mayi wa zaka 34, ndimakhala pa Boma ku Mangochi koma ntchito ndimagwirira ku Malindi, masiku ena mpaka ku Lungwena. Ndalama za kabaza zinandikwana, ndiye mwezi watha ndinagula njinga yamoto kwa alamu anga, ya injini ya 150cc, ya mashoko awiri kumbuyo. Injini ilibe vuto. Nkhani ndi yoti alamuwo ndi chimunthu chachitali, ankanyamulirapo matumba a usipa, pomwe ine ndine wa mamita 1.54 basi.

Ndikakhala pachishalo ndimangonyang'ama, zala zakuphazi zokha ndi zimene zimakhudza pansi. Lachiwiri lapitali ndinaima m'mphepete mwa msewu nditangowoloka mlatho wa Bakili Muluzi kuti ndiyankhe foni. Nditsitse phazi lamanzere, pansi palibe. Njinga inayamba kupendekeka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yofuna kugona, ine n'kupita nayo limodzi. Anyamata a kabaza anabwera kudzandidzutsa, Mulungu awadalitse, koma kuseka kwake mpaka wina anagwira pamimba. Chogwirira klatchi chinapindika.

Kupatula apo, ndikamafika ku Malindi manja amakhala atachita dzanzi, msana ukuwawa pakati pa mapewa. Klatchi ndimaifikira ndi nsonga za zala. Posintha giya ndimachita kunyamula mwendo wonse. Wina wandiuza kuti ndiphwetseko matayala, wina akuti tipite kwa owotcherera akadule mashoko. Bambo akunyumba akuti tingoigulitsa. Ine sindikufuna, ndinaivutikira. Odziwa njinga ndithandizeni, ndiyambire pati?

Wakabaza wa pa Mlatho:
Kodi munali inu mayi? Pepani, tinaseka koma sikunali kwadala. Malo munaimawo ngoipa kwa aliyense. Msewu umakhala wokwera pakati, wotsetsereka m'mbali kuti madzi azitsika, ndiye mukaima kumanzere kwenikweni phazi lamanzere limapita kumene kwatsika. Muziyang'ana pansi musanaime.

Mnyamata Wosatopa:
Gulani njinga yakapalasa ya ana asisi 😂

Mayi a Mapasa:
Iwe mwana, kwanu kulibe akuluakulu? Munthu wafunsa zanzeru.

Makanika wa ku Soko:
Mayi, choyamba: mashoko asadulidwe, ndipo matayala asaphwetsedwe. Tayala la mpweya wochepa limatentha, ndiye taganizani phula la ku Mangochi mu Okutobala. Mukamenya dzenje limu imatsina chubu, nthawi zina tayala limaseseleka pa limu n'kuzula valavu. Zonsezo kuti mutsike ndi kachidutswa kosakwana chala.

Yambani ndi zaulere. Yang'anani kumunsi kwa sipuling'i ya shoko, pali kamkombero ka masitepe, kawirikawiri amakhala asanu. Munthu wonyamula matumba amakaika pa sitepe yolimbitsitsa kuti njinga isakhale pansi. Inuyo ndinu opepuka, ndiye mukakwera sipuling'i siitsika n'komwe, mwangokhala ngati pa benchi ya kutchalitchi. N'chifukwa chake mapazi sakufika, ndipo bampu iliyonse ikuthera mumsana mwanu. Bwezani pa sitepe yoyamba kapena yachiwiri. Mbali zonse ziwiri zikhale pa sitepe yofanana, apo ayi njinga izikokera mbali imodzi. Tsiku lonyamula munthu kapena thumba la chimanga mukwezenso.

Mahandulo amangidwa ndi mabawuti anayi pakati. Masulani pang'ono, khalani pachishalo mowongoka, kokerani mahandulo kwa inu mpaka zigongono zipindike pang'ono, mapewa akhale omasuka. Musanamange, khotetsani mpaka kumapeto uku ndi uku: zala zazikulu zisapanikizike pa thanki, makebulo asakokeke, ndipo injini ikamalira isakweze mawu yokha pokhota. Ikakweza ndiye kuti kebulo ya mafuta yakokeka, bwezani pang'ono.

Dzanzi lija nthawi zambiri limachokera pa zogwirira klatchi ndi buleki. Zikayang'ana m'mwamba dzanja limakhala lopindika ulendo wonse. Zitembenuzireni pansi mpaka mkono, dzanja ndi zala zikhale mzere umodzi mukaziika pamenepo. Koma timabokosi ta maswitchi musatikakamize, tina tili ndi kamsomali kolowa m'bowo la handulo, kamathyoka.

Giya ndi yosavuta. Chopondera chake chimalowa pa kachitsulo ka mano. Chotsani bawuti yonse, osati kungomasula, solani chopondera, chibwezeni chitatsika ndi dzino limodzi. Limodzi lokha, awiri achuluka. Buleki yakumbuyo mukaisuntha onaninso ngati nyali yake ikuyaka mukaponda.

Membala wobisa dzina:
Zikomo kwambiri bambo. Nanga chogwirira klatchi chopindikachi ndingachiwongole? Komanso pali njira yoti chiyandikire? Zala zanga ndi zazifupi.

Makanika wa ku Soko:
Musachiwongole, chitsulo chake n'chosachedwa kuthyoka, chidzakuthyokerani muli pakati pa ulendo. Gulani china, ndipo funsani chokhota ngati mwendo wa galu, chimayandikira ku handulo. Ena amamasula kebulo kwambiri kuti chiyandikire, koma mukapyoza muyeso klatchi siimasula bwino: nyutulo imavuta kupeza, njinga imafuna kuyenda mutagwira klatchi. Kunsonga kwa chogwiriracho kuzisewera mamilimita 10 mpaka 20 isanayambe kukoka. Kebuloyo muidonthezere oyilo, fumbi la msewu wa ku Makanjira limaumitsa.

Che Dala wa ku Namwera:
Ine sindikugwirizana ndi zofewetsa mashoko. Yanga ndinafewetsa, ndikutsika ku Chowe ndi mayi akunyumba kumbuyo, pa kona njinga ikuvina, pa bampu ikugunda pansi kuti khu! Ndinabwezera tsiku lomwelo.

Makanika wa ku Soko:
Madala, munali awiri, ndipo inuyo ndakuonani pachithunzi, si inu munthu wochepa. Ndanena kale kuti akanyamula munthu akweze. Komanso shoko yoti mafuta anatha imavina pa sitepe iliyonse, kayang'aneni yanuyo ngati siikudontha.

Che Dala wa ku Namwera:
Za thupi langa zisiyeni 😂 koma kudontha ikudonthadi.

Wokonza Mipando:
Ife ndi amene timathandiza anthu aafupi, ndiye mverani. Anthu amabwera n'kunena kuti "dulani chishalo pamwamba kwambiri." Ndikadula choncho amabweranso patatha sabata akudandaula matako, chifukwa akhalira pulasitiki. Chinsinsi chili m'mbali. Chishalo chikakhala chotakata kutsogolo, pafupi ndi thanki, chimakutangadzitsani miyendo, ndiye miyendo imathera m'mbali m'malo mopita pansi. Timachotsa lekizini, kusenga siponji m'mbali kutsogoloko kuti pakhale powonda, pamwamba n'kuchotsa masentimita awiri kapena atatu basi, kumbuyo kumene mumakhalira n'kusiya kotakata. Kenako timasalaza ndi sandipepala kuti pasakhale nsonga yokudyani m'ntchafu. Mukapite ndi njinga yomwe, muziyesa akamasenga. Siponji yodulidwa siibwerera.

Mlangizi Wopuma:
Mwanangu, ine ndakwera njinga zakuntchito zaka zambiri, Yamaha AG 200 ndi DT zija, zazitali kuposa yakoyo, ndipo msinkhu wanga ndi ngati wako womwewo. Mapazi onse awiri sanafikepo pansi ngakhale tsiku limodzi. Anandiphunzitsa mnzanga wina kuti usamafune kuponda ndi onse awiri. Ukamaima, sendeza thako kumanzere, phazi lamanzere liponde lonse pansi, lamanja likhale pa buleki. Njinga itsamire pang'ono ku mwendo wapondawo. Pamalo opendekeka ponda mbali yokwera, ngakhale ikhale yamanja. Kayeseze pa bwalo la mpira madzulo, kuima ndi kunyamuka, kuima ndi kunyamuka, mpaka thupi lizolowere.

Pamchenga usagwire buleki yakutsogolo mwadzidzidzi, ndipo maso aziyang'ana kutali, osati pa tayala. Ine ndinagwapo kawiri pa chifukwa chimenechi, kachiwiri ndili ndi katoni ya mbewu kumbuyo, anthu a m'mudzimo anatola nane mtedza mpaka dzuwa kupendeka.

China, ndikuuze ngati mayi ako: chitenje ndi tcheni sizigwirizana. Vala buluku mkati, chitenje upinde uike m'chikwama, ukamange ukafika. Masilipasi ayi. Pita pa kaunjika ukapeze nsapato zotseka za soli yokhuthala, zimawonjezera kamsinkhu ndithu. Ungoonetsetsa kuti nsonga yake ikulowa pansi pa giya.

Mayi a Mapasa:
Apa mwanena zoona amayi. Ineyo chitenje changa chinakodwapo m'masipoko, mwayi tinali tisanathamange.

Membala wobisa dzina:
Ndabweranso abale. Loweruka ndinapita kwa makanika wapafupi ndi kwathu nditamulembera zonse papepala. Mashoko analidi pa sitepe yomaliza, ndipo kamkombero kanali katagwira dzimbiri, anachita kuthira oyilo n'kumenya pang'onopang'ono ndi chitsulo chifukwa sipanala yake analibe. Tawaika pa yachiwiri. Mahandulo tawakokera kumbuyo, giya yatsika dzino limodzi, chogwirira klatchi ndagula chatsopano. Lero ndafika ku Malindi manja ali anga, dzanzi lachepa kwambiri, latsala ku dzanja lamanja lokha. Magalasi tsopano ndikuona msewu, kale ndinkangoona mitambo. Phazi limodzi likuponda pafupifupi lonse ndikasendeza thako monga anenera amayi aja, ngakhale ndimaiwalabe ndikadzidzimuka. Chishalo ndidikira malipiro a mwezi uno. Bambo akunyumba asiya nkhani yogulitsa, dzulo anaikwera kupita kumsika n'kubwera akudandaula kuti mawondo akugunda mahandulo.

Makanika wa ku Soko:
Dzanja lamanja mukufinya kwambiri chifukwa cha mantha, lidzasiya lokha. Likapanda kusiya, onani ngati tizitsulo tolemera ta kunsonga kwa mahandulo tilipo, timachepetsa kunjenjemera. Poti mashoko mwasintha, makanikayo anaona kulimba kwa tcheni inu mutakhala pachishalo?

Usipa Wouma Wholesale:
Mlamu, ndinu eti? Sipanala ya mashoko ija ili m'kabokosi ka pansi pa kava yakumanzere, ndinaikulunga m'sokosi. Ndinaiwala kukuuzani.