Floor ya matabwa a engineered yatupa pa sitting room, madam akukaniza balansi

Wamatabwa Area 25:
Akuluakulu thandizeni mutu sukugwira. Ndinayala engineered oak (matabwa apansi, oak pamwamba plywood kunsi) ya click ija yongokolana m'mbali, 14mm, chikopa chapamwamba 3mm, sitting room ndi corridor nyumba yatsopano, floating (osamata, osakhomera), foam pansi. Masabata atatu okha pakati pa sitting pakwera ngati mzere wa mbatata ukaponda pakumira, chaku sliding door matabwa apindika ngati chipande m'mbali mwakwera. Gap yoti thabwa lizipumira ndinasiya 10mm khoma lonse. Omanga anati sikilidi (simenti yosalazira pansi) yatha mwezi yauma. Pano madam akuti balansi sindiiona mpaka pagone. Ndizule zonse kapena pali chochita?

Madala a ku Zomba:
Gap imeneyo mwana wanga. Chotsa skirting uone, thabwa lagunda khoma penapake.

Wamatabwa Area 25:
Madala ndanena kale ndinasiya 10mm ndi ma spacer

Wa ku Joni:
Achimwene foam yanuyo inali ndi pulasitiki kunsi kapena foam chabe? Chifukwa kupindika kwa chipandeko ndi chinyezi chochokera pansi, kunsi kwa thabwa kwamwa madzi pamwamba pali pouma. Sikilidi ya mchenga ndi simenti timawerengera 1mm pa tsiku, ndiye ngati ili 50mm mwezi umodzi sikanthu, komanso ino ndi January mvula daily mawindo otseka iuma bwanji. Omanga akamati yauma amatanthauza yoti munthu ayendepo osasiya phazi basi. Kuno sitiyala tisanaike mita yoyezera chinyezi, ndipo pulasitiki ya 250 micron timayala yopitirirana ndi tepi m'majoini.

Wamatabwa Area 25:
Foam chabe yoyera ija, ndi yomwe anagula eni ake

Wa ku Joni:
Eish

Madala a ku Zomba:
Chinyezi chinyezi, ife tinayala mlombwa pa phula nyumba zakale kuno mpaka lero uli nganganga, mita tinaiona kuti? Thabwa limafuna popumira. Pa chitseko cha corridor unadula felemu kunsi kapena unangogunditsa? Gap.

Mlongo wa ma tiles Ndirande:
Madala phula lija ndi lomwe linkatchinga madzi inu, musaiwale. Koma achimwene mufunsenso mtsikana wantchito amakolopa bwanji. Ine kasitomala wina anandiitana pa nkhani ngati yomweyi, tinakangana ndi amene anayala sabata yonse kenako ndinapita mmamawa ndapeza mwana akukhuthula ndowa yathunthu ngati akukolopa khonde la simenti, kumaliza apo polishi yofiira pamwamba pa lacquer. Mwana alibe mlandu palibe anamuuza. Ndiye musavomere msanga kuti ndinu olakwa ngakhale foamyo yokha ndiye mwaponda pamoto.

Kalipentala Mchesi:
Chilichonse mungapange musakhome misomali kuti pagone, floating ukaikhomera imakatupira pena ndipo click ikathyoka thabwa limenelo lapita. Sanding nayonso ayi. Mukapala m'mbali likadali lonyowa, likadzauma pakati padzakwera m'mbali kutsika, ndiye pa 3mm mwatsala ndi chani, plywood aoneka. Ndipo wina asakuuzeni za mbaula, mnzanga anaika mbaula ziwiri usiku wonse kuti sikilidi iume, pamwamba panayera mbee mkati madzi ali momwemo, siling'i yonse mwaye, anapenta ndi ndalama zake.

Wa ku Joni:
Ngati mita mulibe zulani mizere ingapo chaku sliding, matani pulasitiki yoonekera pa simenti ndi tepi mbali zonse zinayi musiye masiku awiri. Mukapeza thukuta kunsi kapena simenti yada ndiye zonse zituluke, muzisanje mopingasa pa timitengo chipinda china. Koma pulasitiki ikakhala youma musati mwapulumuka, imangogwira zikakhala zoipa kwambiri. Funsaninso ngati pansi pa silabu anaika pulasitiki yakuda, ngati sanaike kudikira sikuthandiza pafunika DPM yopaka, mankhwala otchinga chinyezi.

Madala a ku Zomba:
Zulani muone, mudzandiuza. Wall unit yomangira ija sinakhale pamwamba pa matabwa? Imeneyonso ndi gap yomweyo, thabwa lamangidwa.

Wamatabwa Area 25:
Wall unit anaika ena nditachoka, sindinaone kuti anakhomera pati

Madala a ku Zomba:
Ehee

Mlongo wa ma tiles Ndirande:
Ehee chani madala, wall unit ipinditsa thabwa ngati chipande kukhomo? Achimwene jambulani zonse musanagwire kanthu, ndipo pozula madam akhalepo aone okha pansipo, apo ayi adzati mwathira madzi ndinu. Muonenso chiswe, nyumba zatsopano zina sapopera mankhwala pa foundation ndipo pansi ponyowa pamdima ngati pamenepo ndi kwawo.

Kalipentala Mchesi:
Za chiswezo zoona. Mwa njira ina alipo ali ndi multi tool yodulira mafelemu kunsi andibwereke Loweruka? Yanga yapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu aja

Wa ku Joni:
Ndikubwera pa Easter, mukufuna ya chingwe kapena ya batire